Boma Latsopano ndi Ulendo wa Pamela

Malemu a Lucious, amuna a mayi Evelina a ku Beech Grove, kufupi ndi mzinda wa Indianapolis ku Amereka, ankadwala mtima, koma pakamwa ayi ndithu. Chimene ankafuna n'chimodzi: mwana wawo Pamela abwere kuchokera ku Lilongwe adzawaone. Tsiku la intavyu ya viza ku embase ya Amereka Pamela anali atapatsidwa kale. Basi, Amereka n'kulumbiritsa pulezidenti watsopano.

A Lucious anaimba foni ali pabedi pomwepo. "Pamela, usapiteko! Mapepala ako ndi a boma lakale. Akakuona ngati wa chipani chogonja."

"Abambo a Pamela, mwayamba liti kugwira ntchito ku embase?" anafunsa mayi Evelina.

"Ine ndaona maboma, mayi. Kwathu boma likasintha, ngakhale chitenje cha chipani mumabisa pansi pa matiresi."

Mayi Evelina mtima unali m'mwamba. Mwana akajomba, tsiku lina adzalipeza liti, bambo ake akudwala chonchi? Anaimbira Tusekele, mtsikana wa ku tchalitchi amene amathandiza ophunzira akunja pa yunivesite ku South Bend. Loweruka Tusekele anadiraiva mpaka kufika kwa a Lucious.

"Bambo, simukunama zonse," anatero Tusekele. "Pulezidenti watsopano amasinthadi zina, ndipo za maviza ndi za thandizo lopita kumayiko athu zimatha kusintha msanga. Koma embase si ofesi ya chipani. Ambiri ogwira ntchito mmenemo amakhala omwewo, ndipo lamulo limagwirabe ntchito mpaka atalisintha poyera."

"Ndiye tidziwa bwanji kuti asintha?"

"Amalengeza okha. Osati magulu a pa foni mumakonda aja."

"Amenewo ndi anzanga aja a Bongani!" anaseka a Lucious. "Dzulo amati ndege zonse zaima."

Tusekele anatsegula tsamba la embase pa foni, n'kuwawerengera pang'onopang'ono. Tsiku la Pamela linali pomwepo, losasunthika. A Lucious anaimbanso.

"Pita, mwanawe. Uvale bwino. Amayi akowa ndi amene amakuopseza."

"Ine?" anakuwa mayi Evelina.

Pamela anapita, viza anaipeza. Anafika ku Indianapolis kukuzizira, n'kuwapeza bambo ake akadali moyo, akudandaula kuti wanenepa osawauza. Anawasamalira mpaka tsiku lawo lomaliza.

Abale, boma likasintha, zina zimasintha, zina zimakhala momwemo. Musasiye chanu chifukwa cha mphekesera. Funsani kwa eni ake.