Mwala Woyera wa Pamwamba pa Nyumba ya a Assou

"Bambo, bwanji galimoto imabuma ikamatsika phiri?"

Izza anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene anafunsa. Bambo ake, a Ydir, anamugwiritsa kabatani ka pambali pa chiwongolero. "Iyi ndi buleki ya utsi. Imatseka paipi, injini n'kudzigwira yokha. Ukamangoponda ya phazi mtsetse wonse imatentha, ndipo ikatentha wakufa ndiwe."

Tsopano Izza anali wamkulu, ndipo a Ydir anali atagona m'manda masiku anayi. Galimoto yawo ya dizilo, yokhala ndi bedi ndi chitofu m'kati, inatsala pamwamba pa phiri pamodzi ndi ming'oma makumi awiri ya njuchi. Wailesi inati chipale chofewa chigwa Lachinayi. Njuchi zikakhala kumeneko, zifa zonse.

"Tiyitane dalaivala wa ku Tinghir aitenge, tigulitse," anatero Mbarek, mchimwene wake, akuthira tiyi.

"Abwera liti?" anafunsa Izza.

"Loweruka."

"Ndiye adzagula maliro a njuchi. Nditsitsa ndekha, achimwene."

Mayi awo, atavala zoyera za umasiye, anangotulutsa makiyi pachifuwa n'kuwaika m'dzanja la Izza.

Womuthandiza kukweza ming'oma anapezeka mmodzi yekha: a Assou, oyandikana nawo nyumba, mlimi wa njuchi mnzawo wa a Ydir, amenenso anakangana nawo zaka zambiri. Anakwera phiri m'mamawa Lachitatu, njuchi zisanatuluke. Anatseka makomo a ming'oma, naimanga pangolo yokokedwa ndi galimotoyo.

"Mwana wanga, ndalemba kale za chuma changa," anatero a Assou pokhala pampando. "Bulu ndasiyira mlamu wanga. Amafanana."

"Gwirani chitseko, amalume."

Mtsetse woyamba unayamba pa mwala wopakidwa penti wobiriwira, yemweyo wopakira ming'oma. Izza anaukumbukira. Bambo ake anapaka miyala njira yonse: wobiriwira, yatsa buleki ya utsi; woyera, zimitsa. Izza anatsitsa giya, nachotsa phazi pa moto, nadina kabatani. Galimoto inabuma, phiri lonse linayankha, ndipo liwiro linagwidwa ngati ng'ombe yokokedwa chingwe.

"Eee! Ydir weniweni!" anakuwa a Assou, akumenya bondo. "Mumvereni! Anthu a m'mudzi aganiza kuti wadzuka!"

Izza anaseka koyamba chimwalirire bambo ake. Makona ankabwera, iye n'kuwalandira, phazi likungokhudza buleki pang'ono n'kuisiya. Abusa awiri anaima pathanthwe akugwedeza ndodo.

Kenako mwala woyera, pa kona ya mthunzi. Izza anazimitsa.

"Iwe! Yatsa! Ukufuna tikafike kumsika kudzera m'phompho?"

"Taonani pansi."

Madzi a kasupe anali ataoloka msewu n'kuundana. "Apa ikabuma, matayala akumbuyo amagwira okha, ngolo n'kutipitirira," anatero Izza, mano ali gwa. Anadutsa mwakachetechete, pang'onopang'ono, ngolo ikutsatira mwaulemu. Atafika pouma a Assou anatulutsa mpweya.

"Ndimadziwa. Ndimangokuyesa."

"Chipewa chanu chili pansi, amalume."

Dzuwa litakwera, mudzi unaonekera m'munsi, mitengo ya amondi ndi madenga adothi. Panatsala mtsetse umodzi, wotsika kwambiri, wodutsa pamwamba pa nyumba ya a Assou. Poyambira pake panali mwala woyera.

Izza anaima. Msewu unali wouma, wopanda kasupe, wopanda mthunzi. Pamalo ngati apa pankayenera mwala wobiriwira.

"Apa ndiye pamene bambo ako ankandikwiyitsa," anatero a Assou. "Phiri lonse phokoso, koma pakhomo panga ziii, ngati mphaka. Ndinkamuuza: umazemba kuti ndisaone njuchi zanga zimene wakopa! Iye kumangoseka."

Izza anatsika kukauona mwalawo. Pamwamba pake, mbali yoyang'ana wotsika phiri, panali timalemba tobiriwira, kalembedwe kopendekeka ka bambo ake.

"Palembedwa chiyani?" anafunsa a Assou, amene sanapiteko kusukulu.

"Fadma."

Limenelo linali dzina la akazi a a Assou. Mwana wawo Hmad anafera pamtsetse womwewu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, lole yake italephera kuima. Kuyambira pamenepo a Fadma akamva lole ikubuma ankataya chilichonse m'manja n'kuthamangira pakhomo.

A Assou anavula chipewa. Anausisita mwalawo ndi chala chachikulu, nthawi yaitali.

"Chitsiru," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ndikumutcha wakuba."

Anatsika ndi giya yoyamba, liwiro la munthu woyenda pansi, buleki ya phazi ikugwira n'kusiya. A Fadma anali pabwalo akupeta balere. Sanadzidzimuke. Anangokweza dzanja, monga ankachitira nthawi zonse, n'kupitiriza kupeta.

Kumunda Mbarek anathamangira ngolo akuwerenga ming'oma mokweza, ndipo atafika pa makumi awiri anafuula ngati watola golide. Anatsegula makomo, njuchi zinatuluka n'kuyamba kuzungulira.

A Assou anayandikira Izza akupukuta maso ndi chipewa.

"Penti uja watsala?"

"Zitini ziwiri, pansi pa bedi."

"Chipale chikasungunuka tidzakwera kukapakanso miyala yonse. Woyera wa Fadma uja undisiyire, koma udzandigwire dzanja polemba."

"Ndidzakugwirani. Inenso pakhomo panu ndizidutsa chete."

"Ngati wakuba," anatero a Assou, namupatsa dzanja.