Chogwira Mayi wa Mwala

Mwanayo ankamutcha Wayilesi, ndipo amene anamupatsa dzinalo sanalakwitse. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atagweluka, koma pakamwa pake sipankatsekeka. Ndiye aphunzitsi atalengeza kuti kalasi yonse ipita kukaona ziboliboli kunyumba yaikulu yosungiramo zosemasema, Wayilesi anakweza mkono n'kuuza aliyense kuti ziboliboli zonse za kumeneko amaimika ndi bambo ake.

Sananame mwanayu. Bambo ake anali wowotcherera zitsulo, wa mageti ndi mawindo, ndipo kukabwera chiboliboli chatsopano, akuluakulu a nyumbayo ankaitana iwowo kuti adzachipangire chochigwira. Koma makutu a aphunzitsi anamva zawozawo. Lachitatu kunabwera kalata yaulemu kwambiri, yopempha "katswiri wathu wosema" kuti aperekeze ana ndi kukawafotokozera za luso lake.

Bambo a Wayilesi anaiwerenga kawiri, thukuta lili kamukamu. Anati akane, anene kuti ntchito yachuluka. Akazi awo anaseka mpaka misozi, kenako anatulutsa jekete la paukwati n'kuyamba kusita. Anawauza kuti mwana wafalitsa kale nkhaniyo mpaka kwa mlonda wa pasukulu, ndipo akapanda kupita, anzake amutcha wabodza chaka chonse. Bambowo anaona kuti akapita ndiye amutcha wabodza iwo ali pomwepo, koma izi anangozisunga mumtima.

Lachisanu m'mawa bambowo analowa m'nyumba ya ziboliboli ija ndi ana makumi atatu, awiriawiri atagwirana manja. Pansi panali pa see, denga lili kutali, ndipo mawu a ana ankamveka ngati ali m'tchalitchi chopanda mipando. Kudekha kwawo kunathera pakhomo. Wina anafunsa kuti wathyola mikono ya chiboliboli choyamba ndani, ndipo ngati anamukwapula. Ena anapeza mwamuna wamkuwa wosavala, anagwira pakamwa n'kumagundana zigongono. Aphunzitsi anali atanena kale "osakhudza" kokwana makumi awiri asanatuluke m'chipinda choyamba.

Vuto linali kamtsikana ka magalasi, kamene kankakhala nambala wani pakuwerenga. Pambali pa chiboliboli chilichonse panali kachikwangwani ka dzina la wosema, ndipo kamtsikanako sikanadumphe ngakhale kamodzi. Kankawerenga mokweza, kenako n'kucheukira Wayilesi. Atafika chipinda chachitatu kanatopa nazo.

"Nanga dzina la bambo akowo lili pati?"

Aphunzitsi anakadzudzula, koma nawonso funsolo linali litawakhala pakhosi. Anatembenukira bambo a Wayilesi n'kufunsa mwaulemu kuti mwa zonsezi, chosema iwo ndi chiti.

"Aphunzitsi, ine chibadwire sindinasemepo ngakhale supuni."

Ana anaseka. Si kuseka kwa nkhanza ayi, ana amaseka chilichonse, koma Wayilesi anataya dzanja la bambo ake n'kuzyolika. Bambowo anali atapsapo ndi zitsulo zamoto kosawerengeka, ndipo palibe chinawapweteka ngati zimenezo. Akanafotokoza bwanji? Ntchito yawo inali yoti ikaoneka ndiye kuti yalakwika. Mayi woyang'anira nyumbayo ankazungulira chiboliboli katatu, ndipo akanena kuti sakuona kanthu, kumeneko kunali kuyamikira kwake konse.

Pakati pa chipindacho panali mayi wa mwala wotuwa, wamkulu kuposa munthu. Anali akuthamanga, atapendekera kutsogolo, ataponda ndi zala za phazi limodzi lokha, nsalu yake ikuuluka kumbuyo mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Bambo a Wayilesi anamuyang'ana, kenako anafunsa kamtsikana ka magalasi ngati kangathe kuima ngati mayiyo.

Kanayesa, kanadzandira. Anzake onse anayesanso, ndipo posakhalitsa chipinda chinadzaza ana ogwa ndi ogwetsana. Bambowo anadikira kuti phokoso lizizire. Anawauza kuti iwo ndi opepuka ngati nkhuku koma alephera, pamene mayiyu ndi wolemera ngati galimoto yaing'ono, ndipo waima chonchi zaka zinayi. Sakugwa chifukwa chiyani?

Wina anati ndi guluu. Wina anati ndi matsenga. Kamagalasi kanapita kukawerenganso kachikwangwani, koma panalibe yankho.

Apo bambo a Wayilesi anachita chinthu chimene akazi awo akanachiona, bwenzi kutavuta. Anagona chagada pansi, ndi jekete la paukwati lomwe, mutu uli pafupi ndi chingwe chotchinga alendo.

"Gonani apa nonse. Zimenezi akuluakulu sazionapo, ndi atali kwambiri."

Kugona pansi mwana sumuuza kawiri. Onse makumi atatu anati lambalamba. Mlonda wa chipindacho anabwera liwiro, koma atazindikira mwini jeketeyo anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana khoma ngati lili ndi nkhani. Aphunzitsi anazengereza, kenako anagwada, n'kupendeketsa mutu.

Kunsi kwa nsalu ya mwala ija, mumdima wa mapindo ake, munali chitsulo chonenepa ngati mkono wa mwana. Chinatuluka m'tsinde limene mayiyo anaimapo, chinakhota motsata nsaluyo, n'kukalowa m'chiuno mwake. Chinali chopakidwa utoto wofanana ndi mwalawo ndendende. Bambo a Wayilesi anafotokoza kuti anachipanga milungu itatu, kuti ziwiri zoyamba anataya chifukwa zinkasuzumira, ndiponso kuti utotowo anasakaniza kasanu ndi kawiri. Mawu awo, amene poyamba ankatuluka monyinyirika, tsopano anali a munthu amene ali pamalo pake. Mafunso anagwa ngati mvula. Kodi moto wowotcherera umapweteka? Kodi mwamuna wamkuwa uja nayenso ali nacho chitsulo, ndipo chinalowera pati? Funso limenelo aphunzitsi analiletsa msanga.

Kamtsikana ka magalasi kanali katagona kutsogolo kwenikweni, nkhope ya mayi wa mwala itakaweramira. Kenako kanayamba kudzikoka chammbuyo.

"Nanga akatigwera?"

Bambowo asanatsegule pakamwa, Wayilesi anayankha ali chigonere, osakweza mawu n'komwe, ngati akunena kuti kunja kwacha.

"Sangagwe. Amugwira ndi ababa."

Aphunzitsi anaimirira, anasasa siketi yawo, nati nthawi yatha, ana adzuke apite chipinda china. Bambo a Wayilesi anati ayi, awasiye pang'ono, pali malo ena owotcherera amene anawo sanawaonetsetse. Kunena zoona panalibenso choti n'kuona. Kungoti maso awo anali atadzaza misozi, ndipo sanafune kudzuka nayo pamaso pa mwana wawo.