Munthu wa ku Kampani

Uthenga uja unalowa pa foni m'mawa, Katerina ali pamzere ku chigayo kwa Kachindamoto. Pamwamba pa uthengawo panali chizindikiro cha kampani yomwe mwamuna wake, Laisoni, ankatumizirako ndalama kuchokera ku Joni. Laisoni anali atatopa ndi kutumiza kudzera kwa madalaivala a mabasi. Tsopano ankagula ndalama za pa intaneti, zomwe amazitcha kiripito, n'kuziika mu akaunti ya Katerina, mkaziyo n'kumazisintha kukhala makwacha pang'onopang'ono.

Uthengawo unkati akauntiyo itsekedwa dzuwa lisanalowe ngati mwini wake satsimikiza kuti ndi iyeyo. Katerina anadina pomwe anamuuza, n'kulemba pasiwedi yake: dzina la mwana wawo woyamba ndi chaka chomwe anabadwa.

Asanaibise foni ija, inaitana.

"Ndikuyankhula ndi mayi Katerina, akazi awo a bambo Laisoni?" Anali mawu a mwamuna, odekha ngati a katekisi. "Ndine Harrison, wa ku kampani. Pali mbava zomwe zikuyesa kulowa mu akaunti mwanu. Musade nkhawa. Pabwera manambala pa foni yanupo, mundiwerengere."

Manambala anabweradi. Katerina anapatuka kuthawa phokoso la chigayo, n'kukaima pansi pa mlambe. Atati aziwerenga, anaona kuti m'munsi mwake muli mawu ena. Sukulu analekezera Fomu 2, komabe Chingerezi chimenecho anachimva.

"Koma apa alemba kuti ndisauze munthu aliyense."

"Akunena anthu ena, mayi, osati ife."

"Ndiyambe ndafunsa bambo akunyumba."

"Nthawi imeneyo palibe. Mukundichedwetsa, werengani."

Ulemu uja unali utatha mwadzidzidzi. Katerina anadula.

Apo m'pamene anakumbukira kuti pasiwedi wapereka kale. Anaimbira Laisoni, foni inangoitana. Anayesa kutsegula akaunti, koma netiweki inali yofooka, kachizindikiro kankangozungulira. Anasiyira chimanga Idah, mnzake woyandikana naye nyumba, n'kukwera njinga kulunjika ku Mtakataka.

Njira yonse foni inkangolira m'chikwama. Iye ankapalasa, kuima, kuyang'ana nambala yachilendo ija, n'kupalasanso. Nanga ngati munthuyo analidi wa ku kampani? Dzina la Laisoni analidziwa bwanji? Ankaganiza za mwamuna wake akunyamula njerwa m'chisanu cha ku Joni, thukuta likumuyenderera kumsana, pakamwa pali gwa.

Ku Mtakataka anafikira pa kashopu ka Priscilla, yemwe anaphunzira naye ku Mua ndipo ankatumiza ndi kulandira ndalama za pa foni.

"Manambala unamuuza?" anafunsa Priscilla asanamve nkhani yonse.

"Ayi. Koma pasiwedi ndalemba."

"Khala pansi. Tifulumire."

Priscilla anamuonetsa dzina la tsamba lomwe anadina lija. Linkasiyana ndi la kampani pa chilembo chimodzi chokha. Analowa kudzera pa pulogalamu yeniyeni, ndipo ndalama zija zinalimo. Katerina anapumira m'mwamba.

"Sintha pasiwedi. Osati dzina la mwana, osati la mudzi. Ikhale yaitali, yosokonekera." Priscilla anatembenuka n'kuyang'ana ku msewu komwe maminibasi ankaitanira anthu. "Ngakhale ine ndisaione."

Itatha imeneyo anasinthanso ya imelo, poti inali yomweyo. Kenako Priscilla anamuikira kapulogalamu kotulutsa manambala olowera omwe amasintha okha pakamphindi.

"Mameseji sadalirika," anatero. "Ena amakanamiza a kampani ya foni kuti simukadi yako ndi yawo, yatayika, n'kupatsidwa ina. Ukangoona netiweki yazima yokha tsiku lonse, uthamangire ku ofesi yawo."

Laisoni anaimba masana, nthawi yopuma. Anamvetsera osamudula mawu.

"Mnzathu wina, Zuberi, anamuimbira chimodzimodzi sabata yatha," anatero. "Iye anawerenga. Anamusesa zonse."

"Ndiye osandiuza?"

"Sindinaganize kuti angafike kumudzi. Mwina manambala athu akuwatenga pa gulu lathu lija logulitsana kiripito." Anakhosomola. "Pasiwedi yatsopanoyo ndi yotani?"

Katerina anayang'ana Priscilla, yemwe ankapatsa munthu chenji.

"Ndidzakuuzani mukadzabwera."

"Simukundikhulupirira?"

"Inu ndimakukhulupirirani. Koma pa foni ayi."

Laisoni anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu, n'kunena kuti kapitawo akuitana.

Katerina sananyamuke msanga. Anakhalabe pa benchi ya Priscilla, kutsegula akaunti, kuitseka, kuitsegulanso. Mayi wina wogulitsa usipa anabwera kudzatapa ndalama, akutchula nambala yake yachinsinsi mokweza kuti Priscilla amulembere. Katerina anamugwira mkono.

"Pepani mayi, lembani nokha. Ndikugwirirani dengulo."