Pansi pa Khoma la Balani

Ine m'balani muja ndinalowa kukamvera nkhani basi, ndisaname. A Felesita ndi a Mariya, matenanti anzathu pa esiteti ya ku Nambuma kuno, ankasankha fodya kuseri kwake, ndipo pakhoma panali kabowo. Mvula inali itagwa masiku anayi osakata. Ndangoikapo khutu, khoma lonse gumu!

Nditatsitsimuka, mtanda unali utandipana miyendo, njerwa zili kumsana, m'kamwa dothi lokhalokha. Kukuwa ndinkakuwa, koma mawu ankatuluka ngati a mwanapiye.

Zapamwamba ndinkazimva zonse. Masana apolisi anabwera ndi galu wofufuza anthu, chifukwa a Saulosi, alonda athu, sankaoneka. Galuyo anawapeza kumapeto kwa balani ali moyo, azimayi n'kuyamba nthungululu. Kenako makasu anangoti zii.

Amayi anafunsa ngati pali amene waona Tisiyenji. Ndiye ineyo. A Felesita anati asavutike, mwanayo wathawira ku Kabudula ndi Martin wa kabaza, ananena yekha dzulo pamjigo. Kunena ndinanenadi. Linali bodza, ndinkangofuna atsikana anzanga andichitire nsanje. Tsopano bodza langalo linkayenda pamwamba panga, wina mpaka kuwonjezera kuti ndili ndi pakati. Ine pansi, osatha ngakhale kugwedeza chala chakuphazi.

Ndipamene ndinamva kununkhiza pafupi ndi mutu wanga, kenako kuuwa. Kwathu kuno galu akauwa pakati pa anthu amathamangitsidwa, ndiye bambo wina anamugenda, akuti wangomva fungo la mbewa. Kuuwa kunasiya. Mapazi anayamba kuchoka. Ndinayesa kuitana amayi, dothi n'kulowa kukhosi.

"Bambo, tayani mwala winawo," anatero mayi wapolisi amene anabwera ndi galuyo. "Uyu sauwira mbewa. Pansi apa pali munthu."

"Ndani kodi? Tonse tilipo," anatero a Felesita.

Galu uja anabwerera pamalo pomwepo, kuuwa osalekeza. Khasu loyamba kukumba ndinalizindikira kulira kwake, linali la amayi, lija logwedera pampini. Kuwala kutalowa, choyamba kuona inali mphuno yakuda yonyowa, kenako nkhope ya amayi ili matope okhaokha.

Mwendo uli m'pulasitala mpaka lero. A Felesita anabwera kudzandizonda kuchipatala atanyamula nthochi. Amayi atangotuluka, anasendera pafupi n'kunong'ona kuti, "Koma za Martin zija n'zoona, eti?"

Ndinawauza kuti akafunse galu.