Kusudzulidwa kwa a Fabiano

Ophelia akakumbuka ku Chikweo amayamba wamva fungo la chinangwa chonyika, kenako mluzu wa bambo ake, a Fabiano, akupalasa njinga kuchokera kumunda wa thonje. Munthuyu anakhala pamudzi wa akazi ake zaka makumi anayi. Anaumba njerwa yekha, anadzala mango, anakumba chitsime chimene mudzi wonse unkamwa. Ndani akanamutchula mlendo?

Anamutchula a Blasius, malume ake a Ophelia, eni mbumba. Awa ndiwo ankaloleza chilichonse pamtundupo: dzina la mwana, tsiku la ukwati, ngakhale kutalika kwa siketi. Akangokhosomola, anthu ankasiya nkhani. Mayi ake a Ophelia atamwalira, pamanda pasanamere n'komwe udzu, a Blasius anakhazika abale pansi.

"Alamu, munatisungira mlongo wathu, tathokoza," anatero. "Koma mwambo mukuudziwa. Mkamwini akaferedwa amabwerera kwawo."

Ophelia, mphunzitsi wa ku Balaka, anagwada mwaulemu koma pakamwa sanatseke.

"Amalume, kwawo kuti? Ku Nsanama kunatsala ndani? Nyumbayi anamanga ndi iwowa."

"Anamanga pa dothi la yani? Iwe sukulu inakuononga."

A Fabiano sanatsutse. Analonga zovala m'thumba la feteleza, anatenga khasu lawo, Ophelia n'kupita nawo ku Balaka. Zinkamuwawa kwambiri kuwaona atakhala pakhonde tsiku lonse, akungoyang'ana magalimoto. Anafunitsitsa kuti abwerere m'nyumba yawo. Anatuma akuluampingo, anapitanso yekha kawiri kukapepesa, koma a Blasius anakana kwamtuwagalu.

Patapita zaka zitatu, mvula yoyamba ili pafupi, Dorica, mng'ono wake wa kumudzi, anaimba foni. Akazi awo a Blasius anali atamwalira, ndipo kuchikamwini kumene a Blasiuswo ankakhala anawasudzula nawonso. Anafika ku Chikweo ndi kachikwama kamodzi n'kulowa m'nyumba yomwe ija ya a Fabiano.

Ophelia anaseka mpaka misozi, sanabise ayi, n'kuthamanga kukauza bambo ake. Ankayembekeza kuti aseka limodzi. Iwo anangosisita bondo.

"Tamuimbiranso Dorica," anatero. "Akawauze alamuwo kuti asayale mphasa kukona ya kum'mawa. Pamenepo pamadontha. Ndimati ndikonza chaka chimene chija."