Keke ya M'firiji ya Mankhwala

Pa yunivesite ina mumzinda wa Solo, ukafuna kubalalitsa gulu suvutika n'kuitana apolisi. Umangoti, "Bu Tarsih akubwera." Kumeneko Bu ndiye kuti Mayi, Pak ndiye kuti Bambo.

Ntchito ya mayiwa inali kuyendera zipinda zoyeseramo mankhwala, kuona chimene chingayake, chingaphulike kapena kupha munthu mwakachetechete. Chipinda chikawakayikitsa ankamata pepala lofiira pachitseko, basi kafukufuku wa eni ake waima. Ndiye ndani angadye ndi munthu wotere? Ngakhale amphaka a kukantini ankawalambalala, kaya nawonso anali ndi asidi wobisa.

Lachisanu lina Pak Gunadi, mkulu wa aphunzitsi a zamankhwala, anawaimitsa pakhonde.

"Bu, tikachoka kumzikiti mutipeze m'chipinda chathu chapamwamba, pali kaphwando. Koma mapepala ofiira aja muwasiye, sitinawaitane."

Kuitanidwa, iwo! Anathamangira pagalasi kukakonza mpango wakumutu, n'kudzipopera perefyumu amene anatsala pang'ono kuumira m'chikwama. Anafika msanga, m'chipinda muli zii. Posowa chochita, dzanja linapita lokha pafiriji ya mankhwala imene inali m'chipindamo.

Fungo linawaluma m'mphuno. Pashelefu yapamwamba panagona botolo lachizindikiro cha chigaza, chivindikiro chong'aluka, likudontha. Pansi pake panali bokosi lonyowa pakona, m'kati mwake keke yobiriwira, dzina lawo litalembedwa ndi kirimu wapinki. Linali tsiku lawo lobadwa, limene iwo eni analeka kalekale kulitchula.

Anaima pomwepo. Kungodula pakonapo n'kukhala chete, ndani angadziwe?

Anthu analowa akuseka, ophunzira atanyamula timbale tamapepala.

"Aa, Bu, mwaipeza kale?" anatero Pak Gunadi. "Mphuno yanuyo boma liigule, ikathandize agalu a pabwalo la ndege."

"Pak, kekeyi yagona muno?"

"Ikanagona kuti? Firiji ya kuofesi munaizimitsa ndinu, mumvekere waya ngoopsa."

"Sidyedwa."

"Chaka chatha tinasungamo mavwende muno. Anafa ndani? Taonani mimba yangayi, ikuoneka ya maliro?"

Anthu anaseka, koma osati onse. Mtsikana wina wophunzira, Lastri, anayankhula chapansipansi. "Ndaphika ndekha, Bu."

"Yaoneka bwino, mwanangu. Palibe anandiphikirapo yotere." Kenako mawu a ntchito anabwerera. "Sidyedwa. Tsekulani mawindo, nonse mutuluke."

Anatuluka mmodzimmodzi, timbale tili m'manja. Pakhonde wina anati, "Ndinanena ine." Mnzake anafunsa ngati msika wa pageti wogulitsa bakso, msuzi wa timipira tanyama, ukadali wotsegula, ndipo mapazi onse analowera komweko. Sanatembenuke ndi mmodzi yemwe.

Bu Tarsih anavala magolovesi, botolo lija n'kulikhazika m'chidebe chamchenga. Keke anayenera kungoiponya m'thumba lachikasu la zinyalala zoopsa n'kumanga. Anailowetsa ndithu m'thumbamo, koma chopingasa, ndipo potsika masitepe kupita kumosungira zinyalala anainyamula ndi manja awiri, pang'onopang'ono, kuti dzina lisafufutike.