Zenera la Penti

Munthu wina anaima nthawi yaitali pamsewu akuyang'ana kanyumba ka pachipata, ndipo Nuala Tierney, yemwe ankakhalamo, sanakondwe naye. Alendo ena amangojambula zipilala zamiyala ndi denga losongokalo n'kumapita. Uyu ayi, ankachita kuwerenga mazenera.

"Ndine Cathal," anatero atalowa, chipewa chili m'manja. "Mwana wa malemu amuna anu, a Dermot, kwa mkazi wawo woyamba. Amayi anapita nane ku Liverpool ndili wamng'ono."

Za mwanayo Nuala anazimvapo. Ankadziwanso lamulo la eni malo a kunyumba yaikulu: kanyumbako ndi ka magazi a mlonda wa chipata, ndipo mlondayo anali Dermot. Iye, wamasiye wopanda mwana, ankangosungidwamo poti panalibe wina.

Tiyi anamuthirira, koma keke anaibisa. Maso amenewo sanali a Dermot, nsapato nazo zinkanyezimira mopitirira. Kudzalira maliro chaka chitatha? Akanamize ena.

"Mukukumbukapo chiyani za muno, bambo?"

"Zenera lija la kumsewu, mayi. Ndinkakhala pamenepo kudikira galimoto ya bwana, ndikaiona n'kuthamangira kukauza adadi kuti atsegule chipata."

Nuala anatsala pang'ono kuseka. Wadzigwiritsa yekha. Zenera limenelo n'labodza. Amisiri akale ankafuna kuti mbali zonse za nyumba zifanane, ndiye pena ankangojambula zenera pakhoma ndi penti. Dermot anamuuza choncho tsiku lomwe analowa m'banjamo.

"Tiyeni mukasuzumiremo," anatero, natuluka naye panja. "Gogodani."

Munthuyo anagogoda. Njerwa zokhazokha.

"Koma ine ndinkakhala pomwepa..."

"Mwina munali nyerere. Basi ya ku Athlone ili pafupi kudutsa, musaiphonye."

Atapita, Nuala anatsuka makapu, koma mtima sunakhale m'malo. Wabodza akagwidwa amalimbikira. Uyu sanalimbikire n'komwe, anangosisita khomalo misozi ili lengelenge.

M'kati, khoma limenelo linabisika ndi kabati ya mbale, imene Dermot sankalola kuti isunthidwe ngakhale posesa. Nuala anachotsa mbale zonse, naikankha ndi phewa mpaka inasuntha.

Kuseri kwake kunali thabwa la pansi pa zenera, lakuda ndi fumbi. Pamwamba pake panali njerwa zosiyana ndi zinzake, zomangidwa mokhotakhota, ntchito ya manja a Dermot. Pathabwapo wina anakanda ndi msomali, zilembo zopendama za mwana: CATHAL.

Kani Dermot analitseka yekha zeneralo mwana atamuchokera, n'kulijambula ndi penti kunja, n'kumunamiza mkazi wake zaka zonsezi.

Nuala anasuzumira pakhomo. Kupyola zitsulo za chipata, Cathal anali chiimire podikirira basi, akuyang'anabe kanyumbako. Kungokuwa kamodzi akanamva. Manyazi anamugwira Nuala, koma mantha anaposa, pakuti analibe kwina kopita.

Anabwerera m'nyumba, nakankhira kabati ija pamalo pake. Pamene basi inkaima panja, iye n'kuti akusanja mbale.